Mavalavu oyendera mpweya m'mafakitale a ku Mzuzu: mafunso ndi mayankho

Mayankho ali m'munsimu alembedwera amisiri okonza makina, oyang'anira mafakitale a ku Luwinga ndi madera ozungulira, komanso ophunzira ntchito zamanja amene angoyamba kugwira makina oyendera mpweya. Manambala onse a presha ya m'makina ndi amene mumawerenga pa geji, ndipo muyezo wake ndi bar.

Munthu akati "valavu ya mpweya" amanena chiyani kwenikweni?

Pali mitundu iwiri, ndipo kusokoneza iwiriyi n'kumene kumachititsa kuti munthu aitanitse katundu wolakwika kuchokera kutali. Mtundu woyamba ndi valavu yaing'ono yolondolera mpweya: imalandira mpweya kuchokera ku kompuresa n'kuutumiza mbali iyi kapena iyo ya silinda. Mkati mwake muli kachitsulo kozungulira koyenda uku ndi uku, kamene amisiri amati spool. Mtundu wachiwiri ndi valavu yaikulu ya pa paipi ya madzi, nthunzi, mkaka kapena mankhwala, imene imatsegulidwa ndi mpweya kudzera mu actuator, chipangizo choitsegula ndi kuitseka chomangiriridwa pamwamba pake. Nthawi zambiri iwiriyi imagwirira ntchito limodzi: yaing'ono imalamula, yaikulu imamvera.

Nanga manambala aja, 3/2, 5/2 ndi 5/3, amatanthauza chiyani?

Nambala yoyamba ndi kuchuluka kwa mabowo, yachiwiri ndi malo amene spool ingaime. Valavu ya 3/2 ili ndi mabowo atatu ndi malo awiri, ndipo imayendetsa silinda yokankhidwa ndi mpweya mbali imodzi yokha, yobwerera ndi sipulingi. Ya 5/2 ndiyo yofala kwambiri, chifukwa imayendetsa silinda yolandira mpweya mbali zonse ziwiri. Ya 5/3 ili ndi malo achitatu pakati.

Mabowo nawo ali ndi manambala. Bowo 1 ndi lolowera mpweya, 2 ndi 4 amapita ku silinda, 3 ndi 5 ndi otayira mpweya kunja. Pa mavalavu ambiri ochokera ku Asia mupeza zilembo m'malo mwa manambala: P polowera, A ndi B ku silinda, R ndi S potayira.

Chenjerani ndi 5/3 yotseka mabowo onse ikakhala pakati. Ambiri amaigula poganiza kuti igwira katundu wolemera m'mwamba usiku wonse. Siigwira. Mpweya umapanikizika, ndipo umatuluka pang'onopang'ono m'mbali mwa spool, kotero pofika m'mawa katundu mumupeza pansi. Pofuna kugwira katundu ikani valavu yoletsa mpweya kubwerera pa bowo lenileni la silinda, kapena chogwirira chachitsulo.

Magetsi akazima mwadzidzidzi, makina achita chiyani?

Funsoli liyankheni musanagule valavu, osati tsiku limene munthu wavulala. Koyilo ndi waya wokulungidwa umene umasanduka maginito magetsi akalowa, n'kuyendetsa valavu. Valavu ya koyilo imodzi imabwerera pamalo ake ndi sipulingi magetsi akangozima, ndipo popeza mu thanki mumakhalabe mpweya, silinda imayenda nthawi yomweyo ngakhale fakitale yonse ili mu mdima. Ya 5/2 ya makoyilo awiri imakhala pomwe inali. Ngati silinda yagwira thabwa pa makina ocheka, mukufuna ya makoyilo awiri kuti isalitaye. Ngati ndi chitseko cha hopa ya chimanga kapena khofi, mukufuna ya koyilo imodzi yolumikizidwa moti chitseko chitseke, kuti katundu asakhuthukire pansi.

Valavu yatsopano yayamba kukakamira patangotha miyezi yochepa. Kodi ndi yabodza?

Mwina, koma yambani mwatsegula kampopi ka pansi pa thanki ya kompuresa. Kuno ku Mzuzu chimene chimapha mavalavu ambiri ndi madzi. Mvula imagwa mpaka mochedwa, nkhungu ya m'mawa ndi mawawa a nyengo yozizira n'zodziwika, ndipo kompuresa imakoka chinyezi chonsecho.

Tiwerengere limodzi. Mpweya wa madigiri 25 wokhala ndi chinyezi cha 80 pa 100 umanyamula madzi pafupifupi magalamu 18 pa kiyubiki mita iliyonse. Kompuresa yokoka malita 1,000 pa mphindi imameza makiyubiki mita 60 pa ola, ndiye pa maola 8 yamwa madzi pafupifupi malita 9. Mpweya ukapanikizidwa kufika 7 bar n'kuzizira, sungathenso kusunga madzi onsewo. Malita 6 kapena kupitirira amasanduka madontho. Akapanda kutayidwa pa thanki amayenda m'mapaipi, amasakanikirana ndi dzimbiri ndi mafuta opsa a kompuresa, n'kukhala ngati phala lamadzimadzi lofiirira. Limeneli likafika mu valavu limatsuka girizi amene anaikidwa ku fakitale, limatseka timabowo ta pilot, todutsa mpweya wokankha spool, ndipo spool imayamba kuyenda mokoka miyendo.

Chochita chake si chovuta. Tayani madzi a mu thanki tsiku lililonse, ndipo nyengo ya mvula kawiri, kapena ikani chotayira madzi chodziyendera chokha. Paipi yaikulu ipendekeke pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kulowera kumene mpweya ukupita, ndipo kumapeto kwake kukhale kampopi. Nthambi zopita ku makina zituluke pamwamba pa paipi yaikulu n'kukhota kutsika. Zikatulukira pansi, madzi onse atsikira m'makina. Pa makina aliwonse pakhale sefa ya 40 micron, kapena ya 5 micron ngati mavalavu ndi ang'onoang'ono. Sefa imeneyi imagwira madontho okha, osati chinyezi chimene chikadali mu mpweya. Chimenecho chimafuna dryer yoziziritsa, imene imatsitsa mpweya kufika pafupifupi madigiri 3 kuti madzi atuluke. Eni mafakitale ambiri amaona dryer ngati ndalama zongotaya, koma kwa ife fakitale yogwira zakudya kapena yokhala ndi mavalavu oposa khumi siyenera kukhala yopanda dryer.

Onaninso kumene kompuresa ikukokera mpweya. Ikakhala pafupi ndi utuchi, gaga kapena makoko a khofi, sefa yake imatsekeka msanga ndipo imatentha.

Kompuresa yolembedwa malita okwanira ikulephera kudzaza makina. Chavuta n'chiyani?

Mzuzu ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250 pamwamba pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, pafupifupi 0.87 bar, pomwe manambala a m'kabuku ka kompuresa anawerengedwa pa 1 bar. Kompuresa yomweyo imapereka mpweya wochepa ndi 13 pa 100 kapena pamenepo. Mphamvu ya silinda siisintha: ya 50 mm pa 6 bar imakankhabe pafupifupi 1,180 N, kapena kuti makilogalamu 120, ya 63 mm makilogalamu 190, ya 100 mm makilogalamu 480. Chimene chimasintha ndi nthawi imene kompuresa imatenga kuti ifikitse presha imeneyo. Zoyamwa zonyamulira mapepala kapena makatoni nazo zimagwira mofookerapo kuno.

Powerengera, silinda ya 50 mm yoyenda 200 mm imadya pafupifupi malita 5 popita ndi pobwera. Ikamayenda maulendo 20 pa mphindi, ndi malita 100. Phatikizani masilinda onse, onjezani za kukwera kwa malo, kenako onjezaninso gawo limodzi mwa magawo anayi la mtsogolo ndi la mpweya wotayika. Bowo la milimita imodzi lokha pa 6 bar limataya malita oposa 60 pa mphindi, usana ndi usiku. Yendani m'fakitale Loweruka masana makina atazima koma mpweya ulipo, mumvetsere, ndipo pakani madzi a sopo pa zolumikizira.

Musathamangire kukweza presha. Bar iliyonse yowonjezera imadya magetsi pafupifupi 7 pa 100, ndipo mabowo aja amataya mpweya wochulukirapo.

Chifukwa chiyani makoyilo amapsa kawirikawiri?

Koyilo yotentha poigwira si vuto. Yambiri imatentha ndithu ikakhalitsa pamoto. Vuto ndi yotupa, yosweka kapena yonunkha.

Koyilo ya 220 V AC imakoka moto wambiri pa kamphindi koyamba, kufikira kachitsulo ka mkati katakokedwa n'kukhala bwino pamalo pake. Ngati kachitsuloko kakakamira ndi dothi, kapena magetsi afika ochepa moti sakukwanitsa kukakoka, koyilo imapitiriza kukoka moto wambiriwo mpaka kupsa. Imayamba ndi kulira mong'ung'udza. Makoyilo ambiri amalola magetsi kukwera kapena kutsika ndi 10 pa 100 basi, ndipo jenereta yolemedwa kapena mota yaikulu ikamayamba zimadutsa malire amenewa mosavuta. Pa chifukwa chomwechi musayatse koyilo ya AC itachotsedwa pa valavu. Imapsa m'kanthawi kochepa.

Ya 24 V DC ilibe khalidwe limeneli, ndipo siopseza moyo wa munthu pamalo onyowa. Pomanga makina atsopano sankhani imeneyi. Poiyeza ndi mita, koyilo ya 3 W imaonetsa pafupifupi 190 ohm. Mita ikapanda kuwerenga kanthu, waya wa mkati waduka. Gulani pulagi yokhala ndi kanyali ndi choteteza ku moto wobwerera, kuti isaononge PLC, kakompyuta kolamulira makina. Kalabala ka pansi pa pulagi musakataye, ndipo waya alowe kuchokera pansi, apo ayi madzi otsukira atsata waya mpaka mkati.

Kusintha koyilo osatsuka valavu n'kugula koyilo ina sabata yamawa.

Mpweya ukutuluka mosalekeza pa bowo lotayira. Ndisinthe valavu?

Musanatero, yesani silinda, chifukwa kawirikawiri wolakwa ndi labala ya pistoni. Mpweya umadutsa pa labala yothayo, kulowa mbali inayo, n'kukatulukira pa valavu, ndiye valavu imanamiziridwa. Tsitsani presha pa regulator, chipangizo chosinthira presha, kufika 2 bar, chirikizani katundu aliyense, lolani silinda ifike kumapeto, kenako zulani paipi ya mbali yopanda presha pa silinda penipeni. Mpweya ukamatuluka pa bowo la silinda, vuto ndi pistoni. Ukamatuluka mu paipi yochokera ku valavu, ndiye ndi valavu.

Valavu ikugogoda koma silinda siyenda. Ndiyambire pati?

Dinani kabatani koyesera ndi dzanja kamene kali pafupi ndi koyilo. Silinda ikayenda, vuto lili ku magetsi. Ikapanda kuyenda, yang'anani geji. Mavalavu ambiri a 5/2 sakankhidwa ndi koyilo mwachindunji. Koyilo imangotsegula kanjira ka pilot, ndipo mpweya womwewo ndi umene umakankha spool. Presha ikatsika pansi pa 1.5 kapena 2 bar, mumva kugogoda koma spool siisuntha. Kenako masulani masilencer, ochepetsa phokoso la mpweya wotayidwa, a pa bowo 3 ndi 5. Akatsekeka ndi mafuta ndi fumbi, mpweya umasowa potulukira ndipo silinda imayenda ngati yodwala, kapena siyenda n'komwe. Ndi kachipangizo kotchipa kwambiri pa makina onse, koma kamaimitsa ntchito tsiku lathunthu.

Silinda ikuyenda modumphadumpha.

Choletsa liwiro chaikidwa chotembenuka. Chiyenera kuchepetsa mpweya wotuluka mu silinda, osati wolowa. Chiikeni pa silinda penipeni.

Ndithire oyilo mu mpweya kapena ayi?

Mavalavu ndi masilinda a masiku ano amabwera ndi girizi wokwanira moyo wake wonse, kotero safuna oyilo. Koma mukangoyamba kuthira musasiye, chifukwa oyilo amatsuka girizi uja. Woyenera ndi ISO VG 32 wopanda zosakaniza. Oyilo wa injini, dizilo ndi mafuta a mabuleki zimatupitsa malabala, ndipo spool imagwidwa.

Cholumikizira chikulowa mazinga awiri okha kenako chikulimba. Ndichikakamize?

Ayi, mung'amba thupi la valavu, lomwe nthawi zambiri ndi la aluminiyamu. Mazinga a G ndi R ndi a chingerezi, ndipo ndi amene ali pa makina ochokera ku Ulaya, South Africa ndi ambiri a ku Asia. A NPT ndi a ku America. Pa 1/4, a G ali ndi mazinga 19 pa inchi pomwe a NPT ali ndi 18. Pa 1/2 onse ali ndi 14, ndiye amanyenga: amalowa bwino koma amadontha, chifukwa kapendekedwe kake n'kosiyana, madigiri 55 ndi 60. A G amatseka ndi kawashala kapena kalabala, osati tepi. Pamene tepi ikufunika, siyani mazinga awiri oyamba opanda kanthu. Kachidutswa ka tepi kakalowa mkati kamatseka pilot.

Pa valavu yaikulu ya madzi kapena nthunzi ndiyang'ane chiyani?

Choyamba, mpweya ukatha ikhale yotseka kapena yotsegula? Actuator ya masipulingi imadzibweza yokha kumalo amene mwasankha. Yolandira mpweya mbali zonse imangoima pomwe ili. Paipi ya nthunzi kapena mankhwala imafuna yotseka, ya madzi oziziritsa makina imafuna yotsegula.

Chachiwiri ndi mphamvu yopotokola. Valavu ya mpira kapena ya gulugufe ikakhalitsa osayenda imalimba, ndiye actuator ipose zimene zalembedwa ndi 25 kapena 30 pa 100, powerengera presha yotsikitsitsa imene fakitale yanu imafika, osati imene mumalakalaka. Musamasule zivundikiro za actuator ya masipulingi musanawerenge kabuku kake.

Chachitatu ndi labala ya mkati. NBR imapirira mafuta koma osati kutentha kopitirira madigiri 80. EPDM ndi ya madzi otentha, koma mafuta a makina amaiononga. FKM imapirira mafuta ndi kutentha. Nthunzi ya madigiri 180 imafuna PTFE, ndipo pamenepa valavu ya pistoni yopendekeka imakhalitsa kuposa ya mpira. Ngati mukufuna kutsegula theka kapena kota, pakufunika positioner, chipangizo choimitsa valavu pomwe mwafuna, yolandira 4 mpaka 20 mA, ndipo imeneyo imadana ndi madzi kuposa china chilichonse.

Makampani opanga mavalavuwa anakula bwanji mpaka katundu wawo kufika kuno?

Chodabwitsa n'chakuti ambiri sanayambe ndi mavalavu. Festo inayamba mu 1925 ku Esslingen, m'dziko la Germany, pamene Gottlieb Stoll ndi Albert Fezer ankapanga makina opalira ndi kucheka matabwa. Inalowa mu za mpweya m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero ndi kampani ya banja. Mu 1989 inatulutsa bokosi lophatikiza mavalavu ambiri pamodzi ndi mawaya ake, zimene zinachepetsa chipwirikiti cha mapaipi pa makina akuluakulu. Inatsegulanso nthambi yophunzitsa amisiri, ndipo nzeru yake ndi yoonekeratu: mmisiri amene waphunzirira pa chipangizo chanu, akakula adzaitanitsa chomwecho.

SMC inayamba mu 1959 ku Tokyo ikupanga masefa a ufa wachitsulo wowotchedwa, ndipo lero ndiyo yaikulu pa onse opanga zipangizo za mpweya.   Bürkert inayambitsidwa ndi Christian Bürkert mu 1946 ku Ingelfingen, nkhondo itangotha, ndi zipangizo zosunga kutentha m'makina oswetsera mazira. Parker inayamba mu 1917 ku Cleveland ndi mabuleki a mpweya a malole, n'kuphatikizana ndi Hannifin mu 1957. ASCO, imene inapanga valavu ya koyilo mu 1910, inagulidwa ndi Emerson mu 1985, ndipo Emerson yomweyo inagula Aventics mu 2018. Norgren ya ku Denver inalowa m'manja mwa IMI ya ku Britain mu 1972. AirTAC, imene mavalavu ake a 4V210 amapezeka pa makina ambiri opakira katundu ochokera ku China, inayamba ku Taiwan mu 1988 n'kumanga fakitale yaikulu ku Ningbo.

Njira zokulira zinali ziwiri: ena anagula anzawo, ena anatsegula nthambi zawozawo dziko ndi dziko. Koma onse anazindikira chinthu chimodzi, kuti fakitale imene makina aima siifunsa valavu yabwino koposa, imafunsa imene ifike mawa. N'chifukwa chake anaika nkhokwe pafupi ndi ogula, ndipo Festo ndi SMC zili ndi nthambi kufupi ndi Johannesburg. Chinanso chimene chinakulitsa msika ndi miyezo yogwirizana. ISO 5599 inafananitsa pokhalira mavalavu, ISO 15552 miyezo ya masilinda, ISO 5211 polumikizira actuator ndi valavu, ndipo NAMUR pomangirira valavu ya koyilo pa actuator. Kwa munthu wa ku Mzuzu, amene nkhokwe zonsezo zili kutali naye, miyezo imeneyi ndi yofunika kuposa dzina la kampani: silinda ya ISO 15552 ya kampani ina ikhala pa mabawuti omwewo.

Ndiye ndigule yodula kapena yotchipa?

Pa chitseko chotseguka kangapo pa ola, yotchipa ya dzina lodziwika imakwana. Pa makina odzaza mabotolo kapena osankha khofi, pamene valavu imagunda kambirimbiri pa mphindi, kapena pamene kuima kwake kumaimitsa mzere wonse, gulani yodula. Yodula pa mpweya wamadzi imafa msanga kuposa yotchipa pa mpweya wouma. Zabodza ziliponso: zilembo zofufutika ndi chala, mazinga okhakhala ndi mtengo wotsika mosamveka ndi zizindikiro zake.

Poitanitsa nditchule chiyani, ndipo ndisunge ziti?

Katundu wambiri amachokera ku Lilongwe kapena Blantyre, apo ayi ku South Africa, kapena kudzera ku Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ndiye kulakwitsa kamodzi ndi masabata. Jambulani chikwangwani cha valavu ndi cha koyilo padera, chifukwa manambala ake ndi osiyana. Tchulani mtundu, monga 5/2, kuchuluka kwa makoyilo, magetsi ake ndi ngati ndi AC kapena DC, kukula ndi mtundu wa mazinga, presha, komanso ngati imamangidwa payokha kapena pa mbale ya mavalavu ambiri. Kukula kwa bowo kokha sikokwanira; mavalavu awiri a 1/4 atha kudutsitsa mpweya wosiyana kwambiri, ndiye funsani malita pa mphindi.

Mu kabati mukhale valavu imodzi ya mtundu uliwonse umene muli nawo, makoyilo awiri, masilencer, mkati mwa sefa, malabala a masilinda ofunikira, ndi mpukutu wa paipi ya 6, 8 ndi 10 mm ndi zolumikizira zake. Malabala ndi mapaipi a PU asungidwe mu mdima, kutali ndi dzuwa ndi makoswe. Paipi iduleni ndi mpeni wakuthwa mowongoka. Yodulidwa ndi pulayala imaphwatalala ndipo imadontha.

Ndisanagwire makina ndichite chiyani?

Kuzimitsa magetsi sikuchotsa mpweya. Tsekani valavu yolowera, ikhale ya mtundu wotaya mpweya wa m'makina ikatsekedwa, ikani loko wanu ndipo kiyi akhale m'thumba mwanu. Dikirani geji ifike pa 0. Kumbukirani kuti 5/3 yotseka pakati ndi mavalavu oletsa kubwerera amatsekera mpweya mu silinda ngakhale geji ili pa 0, ndiye chirikizani chilichonse chimene chili m'mwamba musanamasule paipi. Pobwezera mpweya, tsegulani pang'onopang'ono kapena ikani valavu yodzaza mwapang'onopang'ono, chifukwa silinda yopanda mpweya mbali zonse imathamanga mopanda choiletsa pa ulendo woyamba. Ndipo anyamata a pa makina aletsedwe kudzipemerera fumbi ndi paipi ya mpweya: pa 6 bar umaboola khutu, umaponya tizitsulo m'maso, ndipo utha kulowa m'thupi kudzera pa bala.